Ntchito kwa mbadwa, nanga mlendo adye kuti?

Pofika Seputembala 2016, aliyense wogulitsa kapena kukonza mafoni m'sitolo ku Saudi Arabia anayenera kukhala mbadwa. Alendo ochokera ku India, Pakistan, Egypt ndi maiko ena, amene anagwira ntchitoyi zaka zambiri, anauzidwa kuti apatuke.

Lamuloli linaphuka pa ndondomeko ya Nitaqat yomwe inayamba mu 2011. Boma linagawa makampani m'magulu a utoto molingana ndi kuchuluka kwa nzika zimene alemba. Kampani ya m'gulu lobiriwira imaitanitsa antchito kunja mosavuta, pomwe ya m'gulu lofiira siiloledwa ngakhale kuwonjezera masiku a ziphaso za alendo amene ili nawo kale.

Boma lili ndi mfundo, ndipo si yopepuka. Kholo silidyetsa ana a mnansi pamene ake akugona ndi njala. Mu 2018 ulova pakati pa nzika unali pamwamba pa 12 peresenti. Pakutha pa 2024 unatsika kufika pa 7. Amayi ochuluka amene kale ankangokhala pakhomo lero ali pa ntchito m'masitolo ndi m'maofesi.

Koma dziko limeneli ndi lomwe kuli Madina, ndipo apa ndi pamene nkhani imafika pachikumbumtima. Chisilamu chimawerenga zaka zake kuyambira pa msamuko wa mu 622, pamene Mtumiki Muhammad ndi omutsatira anachoka ku Makka n'kukalandiridwa ndi eni mzinda wa Madina. Mbiri imasimba za Abd al-Rahman ibn Awf, mmodzi mwa osamukawo. Womulandira, Sa'd ibn al-Rabi, anafuna kumugawira theka la chuma chake, koma iye anakana n'kupempha kuti angomulozera kumsika. Anagulitsa, analemera, ndipo palibe anamuona ngati wolanda malo a mwini mudzi. Akhristu ndi Ayuda nawonso ali ndi Rute wa ku Moabu, amene anakunkha m'munda wa Boazi chifukwa chilamulo chinasiyira mlendo ndi wosauka gawo la zokolola. Zipembedzo zonsezi sizinena kuti mlendo atsogole. Zimangokana kuti atsekeredwe njira yodyera thukuta lake.

Zimene zinachitika ku Saudi Arabia mu 2013 zinali zina. Boma litayamba kusaka alendo opanda ziphaso zoyenera, kunabuka ziwawa ku Manfouha mu mzinda wa Riyadh ndipo anthu anafa. Anthu a ku Ethiopia oposa 160,000 anabwezedwa kwawo m'miyezi yochepa. Mu 2017 kunabweranso msonkho wa mwezi ndi mwezi pa mkazi ndi mwana aliyense wa mlendo, ndipo mabanja ambiri anagawikana.

Kuika mwana wa m'dziko patsogolo pa ntchito yatsopano, kumuphunzitsa luso, kumupatsa mpamba, zonsezo n'zachilungamo. Cholakwika n'kutenga munthu amene anamanga misewu ndi zipatala ngati chipangizo chobwereka, choti chibwezedwe ntchito ikatha. Njira ya kafala imamangirira chilolezo cha mlendo kwa bwana wake, ndipo mwana wobadwira komweko kwa makolo achilendo sakhala nzika chifukwa chongobadwirako. Mu 2021 boma linafewetsako malamulo osinthira ntchito, koma antchito a m'nyumba, alonda a pakhomo ndi abusa a ziweto linawasiya kunja.