Kodi Kupatsa Nkuikadi?

Mwezi wa Disembala mvula imakhala itagwa, cimanga citamera, ndipo tonse tili pa kupalira. Pa 25 Disembala ndi Khirisimasi, tsiku limene boma la Mozambique limalicha Tsiku la Banja. Masiku amenewa mitima yathu imapita kutali. Timakumbuka mwana ali ku Tete, mlongo ali ku Beira, bwenzi la ku Katete, mbale amene anapita ku Johannesburg. Tiwatumizire ciani?

Ku Ulaya ndi ku America funso ili analipeputsa. Munthu amatsegula buku la sitolo, kapena kuyang'ana pa foni, nasankha bokosi la nyama youma, zipatso kapena makeke. Akalipira, a sitolo amatumiza bokosilo kwa mnzace. Wopatsayo sakhudza cakudyaco ndi manja ace. Ife kuno ku Mualadzi sitolo yathu ndi nkhokwe. Timaswa nsawa, timapeta nyemba, timatapa mfutso. Timamanga m'thumba ndi kupereka kwa munthu amene akukwera chapa kupita ku Tete.

Koma tinene zoona. Disembala ndi mwezi wa njala. Tinakolola mu Epulo ndi Meyi, ndipo tsopano nkhokwe yafika pansi. Nsawa zimene zatsala nthawi zambiri ndi mbeu. Thumba likacoka pakhomo mwezi uno, lacoka pakamwa pa ana. Ena amafika pokongola ndalama, nati adzabweza akagulitsa fodya, kuti agule mphatso yooneka bwino. Cimene cawakankha si cikondi cokha. Ndi manyazi. Aopa kuti anthu adzati, "Taonani, caka cino sanatumize kanthu."

Makolo athu anati kupatsa nkuika. Mau awa tiwamve bwino, cifukwa ali ndi mbali ziwiri. Alipo amene amatumiza nsawa maso ali pa mseu, kuyembekeza shuga, sopo ndi kapulana. Zikapanda kubwera, ayamba kudandaula: "Mwana uja watiiwala, wadya nsawa zathu caje." Kodi munthu ameneyu anapatsa, kapena anagulitsa pa ngongole?

Munthu wina wophunzira wa ku France, Marcel Mauss, analemba za nkhani iyi mu 1925. Iye anaona kuti m'mitundu yambiri ya anthu muli zinthu zitatu zimene munthu sangazithawe: kupatsa, kulandira, ndi kubweza. Agogo athu anadziwa zimenezi osawerenga buku. Tsono ife sitinena kuti nkoipa kuyembekeza kuti mnzathu adzatikumbuka. Cibale cimayenda ndi miyendo iwiri. Kusiyana kwace kuli apa: malonda ali ndi mtengo ndi tsiku lolipira, ndipo ukalipira nkhani yatha, aliyense apita kwace. Mphatso ilibe mtengo, ilibe tsiku, ndipo cimene ifuna ndi cakuti nkhani isathe. Tikayamba kuwerenga citini pa citini, taisandutsa ngongole, ndipo mbale wathu tamusandutsa wamangawa amene adzayamba kutithawa.

Akuluakulu a m'kalasi muno akumbuka nkhondo imene inatha pa 4 Okutobala 1992, pamene anasaina pangano la mtendere ku Roma. Anthu ambiri a m'boma la Chifunde anathawira ku Zambia ndi ku Malawi. Ena anakakhala ku Ukwimi, ena anangolowa m'midzi ya tsidya la malire. Kumeneko anthu olankhula cinenero cathu anatipatsa ufa, malo omanga kanyumba, ngakhale kamunda. Sanadziwe ngati nkhondo idzatha. Sanadziwe ngati tidzakhalanso ndi kanthu. Anaika, koma anaika m'nkhokwe yopanda denga. Lero tikawatumizira nsomba zouma za ku Cahora Bassa, kodi tikulipira? Iai. Ufa umene unapulumutsa mwana sulipiridwa ndi nsomba. Tikungowauza kuti tikali kukumbuka.

Ngati mphatso ndi mau otere, kukula kwa thumba si nkhani. Munthu wa m'tauni shuga ali naye. Cimene alibe ndi mfutso wa nkhwani wa m'munda wa amai ace. Kambale kamodzi kakwana. Tisankhenso zinthu zosaola msanga, pakuti ulendo ndi wautali ndipo kwatentha. Nyama yaiwisi ndi mango zimafika zitanunkha, ndipo wotumidwayo ndiye avutika nazo m'galimoto. (Nayenso tizimuthokoza. Si hachi yathu.)

Ndipo ndani analamula kuti cakudya citumizidwe mu Disembala? Tsikuli linabwera kucokera ku maiko kumene nyengo zace ndi zina. Nthawi yathu ya mwanaalirenji ndi Meyi ndi Juni. Thumba la nsawa lingapite pamenepo, nkhokwe ili yodzaza. Mu Disembala tingatumize kalata. Caka catha ambiri a ife tinali kupempha mwana wa sukulu kuti atilembere, ndipo zina za mumtima tinali kuzibisa. Tsopano tingalembe tokha: "Mwana wanga, tili bwino. Cimanga camera. Nsawa zako zibwera tikakolola."

Pali funso lina limene silophweka. Mwana wa ku Tete ali ndi ndalama pang'ono. Kodi agule bokosi la mabisiketi ndi kapulana, kapena atumize ndalamazo pa foni kuti amai ace agule feteleza? Kuyambira mu 2013 M-Pesa ikugwira nchito m'dziko muno, ndipo ndalama zimafika tsiku lomwelo. Ife tiona kuti mwezi uno feteleza ndiye wofunika, cifukwa adyetsa banja caka conse. Koma tidziwanso amai okalamba amene afuna cinthu cogwira m'manja, covala popita ku chalichi, kuti anzao aone kuti ali ndi mwana. Amai otere sitingawanene kuti ndi opusa. Mwanayo ayambe wawafunsa, asanapite ku sitolo.