Wathu Akalakwa: Mfundo Zofunika pa Mlandu wa Pulezidenti wa America

Pa 24 Sepitembala 2019 mayi Nancy Pelosi, omwe panthawiyo adali sipikala wa nyumba ya aphungu ku America, adalengeza kuti nyumbayo yayamba kufufuza ngati Pulezidenti Donald Trump adalakwa kufika poyenera kuchotsedwa pampando. Mlandu wa impichimenti umenewu udatha pa 5 Febuluwale 2020. Miyezi yonse ya pakatiyo dziko lidagawika pawiri. Otsatira chipani cha Democratic ambiri adawapeza a Trump olakwa mboni zisanatsegule pakamwa, ndipo a chipani chawo cha Republican ambiri adawapeza osalakwa, nawonso mboni zisanatsegule pakamwa. Mbali yanga sindikubisirani: kafukufukuyo adali woyenera, ndipo amene adakana kumva umboni wonse adalakwira dziko lawo. Koma abale ndi alongo, matenda amene adaonekera ku Washington tonse timayenda nawo mumtima, choncho tiyeni tiwayang'ane limodzi modekha.

1. Chimene anthu adatisungitsa si chathu. Nkhani yonse idayamba ndi lamya. Pa 25 Julayi 2019 a Trump adalankhula ndi Pulezidenti watsopano wa Ukraine, a Volodymyr Zelensky, ndipo adawapempha kuti boma lawo lifufuze a Joe Biden ndi mwana wawo Hunter, yemwe adakhalapo mu bodi ya kampani ya gasi ya Burisma m'dzikomo. A Biden adali mmodzi mwa anthu ofuna kudzapikisana ndi a Trump pa chisankho cha 2020. Nthawi yomweyo thandizo la zankhondo lokwana madola 391 miliyoni, limene Congress idali itavomereza kale, lidali litaimitsidwa ndi a ku White House, chonsecho asilikali a Ukraine adali kufa ku Donbas polimbana ndi magulu othandizidwa ndi Russia. Ndalamazo zidatuluka pa 11 Sepitembala, nkhani itayamba kale kununkha, ndipo mu Januwale 2020 ofesi ya GAO, yolondoloza ndalama za boma, idati kuziimitsa kudali kuphwanya lamulo. A Trump adakana kuti zinthu ziwirizi zidali zolumikizana, adati lamyayo idalibe banga. Koma tidzifunse: ndalamazo zidali za yani? Zidali za okhoma msonkho, zoperekedwa pa ntchito ya dziko. Aliyense wa ife amene adasungako ndalama za mpingo, za banki m'khonde kapena makiyi a nkhokwe ya sukulu akulidziwa liwu lija limene limanong'ona kuti, popeza zili m'manja mwako, bwanji zikuthandizeko pa vuto lako? Munthu wa khalidwe amalimva liwulo monga aliyense, koma salimvera.

2. Choonadi chimayenda ndi miyendo ya anthu wamba. Amene adayambitsa zonsezi sadali wandale. Adali wogwira ntchito m'boma amene pa 12 Ogasiti 2019 adatsina khutu akuluakulu, motsata njira imene lamulo lidaika. Pambuyo pake, mu Novembala, dziko lidaona anthu amene mayina awo ambiri sankawadziwa akukweza dzanja ndi kulumbira pamaso pa komiti ya aphungu yotsogozedwa ndi a Adam Schiff. Adabwera a William Taylor, kazembe wakale amene adamenyako nkhondo ku Vietnam. Adabwera mayi Marie Yovanovitch, amene adatumikira dziko lawo zaka 33 ndipo adachotsedwa pa ukazembe ku Kyiv mu Meyi chaka chomwecho. Ali mkati mopereka umboni pa 15 Novembala, Pulezidenti adawanyoza pa Twitter, koma iwo adapitiriza kuyankha mafunso ndi mawu ofatsa. Adabwera mayi Fiona Hill, mwana wa munthu wokumba malasha wa kumpoto kwa England. Adabweranso a Alexander Vindman, msilikali amene adafika ku America ali kamwana, banja lawo likuchoka ku Soviet Union, ndipo adavulalapo ku Iraq. Iwowa adamva lamya ija ndi makutu awo. Potsiriza mawu awo oyamba adalankhula kwa bambo awo okalamba, kuwatsimikizira kuti asade nkhawa, palibe choipa chimene chiwachitikire chifukwa chonena zoona. Ngakhale a Gordon Sondland, amene adapereka madola 1 miliyoni pa mwambo wolumbiritsa a Trump nadzalandira ukazembe, adavomera kuti msonkhano umene a Zelensky ankaufuna ku White House udali ndi mtengo wake, ndipo mtengowo udali kulengeza za kafukufuku uja.

Anthu amenewa adali ndi ntchito zoti ateteze, ana oti adyetse, penshoni yoti ayembekezere. A White House adali atalemba kale kalata pa 8 Okutobala yonena kuti sathandizana nawo ofufuzawo, choncho aliyense wa iwo adali ndi pobisalira akadafuna. Pa 7 Febuluwale 2020, patangopita masiku awiri mlandu utatha, a Vindman adaperekezedwa kunja kwa White House ndipo a Sondland adachotsedwa ntchito. Kodi ife tikadakhala pa mpando wawo tikadatani? Ambirife sitidzaitanidwa ku komiti ya aphungu, koma tsiku lina adzatibweretsera pepala kuti tisainire katundu amene sadafike, kapena adzatifunsa ngati tidaona zimene tidaonadi. Demokalase imapuma kapena kubanika pa desiki ya kalaliki woteroyo.

3. Woweruza wokana kumva mboni wadziweruza yekha. Pa 18 Disembala 2019 aphungu adavota kuti a Trump ayankhe milandu iwiri: kugwiritsa ntchito udindo molakwika, mavoti 230 kwa 197, ndi kutsekereza ntchito ya Congress, mavoti 229 kwa 198. Palibe phungu wa Republican ndi mmodzi yemwe amene adavomereza. Mlandu udapita ku Senate, kumene maseneta 100 amalumbira kuti aweruza mosayang'ana nkhope, ndipo pamafunika mavoti 67 kuti Pulezidenti achoke. Koma mlandu usanayambe, mtsogoleri wa maseneta a Republican, a Mitch McConnell, adali atanena kale poyera kuti iwo sali woweruza wosakondera ndipo akuyendera limodzi ndi maloya a White House. A John Bolton, amene adali mlangizi wa Pulezidenti pa zachitetezo panthawi ya lamya ija, adati ali okonzeka kupereka umboni akaitanidwa. Pa 31 Januwale 2020 Senate idakana kuitana mboni, mavoti 51 kwa 49. Taganizani bwalo la mfumu kumudzi, mlandu wa malire a munda uli mkati, munthu amene adalipo pozika mwala waimirira kuti alankhule, nduna n'kumuuza kuti khalani pansi, tagamula kale. Ngakhale chigamulocho chitakhala cholondola, ndani angachilemekeze? Wopambana amapita kwawo ndi munda, koma mudzi umatsala wopanda bwalo. Apa ndi pamene ndikuona kuti padali bala lalikulu, loposa ngakhale kumasulidwa kwa a Trump pa 5 Febuluwale ndi mavoti 52 kwa 48 komanso 53 kwa 47. Ngati Pulezidenti adali wosalakwa, mboni zikadamuyeretsa. Mantha adali a chiyani?

4. Wotsutsana nafe naye amakhala ndi mfundo. Seneta Lamar Alexander wa ku Tennessee adavomera kuti a Trump adachitadi zimene ankanenedwazo ndipo zidali zosayenera, koma adati kulakwako sikudafike pochotsetsa munthu pampando, chisankho chili pafupi, asiyireni anthu aweruze okha. Sindigwirizana nawo, pakuti mlanduwo udali wokhudza kusokoneza chisankho chomwecho. Komabe mfundo yawo si yopepuka: kuchotsa munthu amene adasankhidwa ndi mamiliyoni a anthu ndi chinthu choyenera kuchitidwa ndi manja onjenjemera. Tikalephera kuinena mfundo ya mnzathu momveka bwino monga mmene iye angainenere, ndiye kuti sitinayambe kukambirana naye.

5. Muyeso ukhale umodzi. Apa amene timakondwera ndi kafukufuku wa 2019 tiyenera kumeza mankhwala owawa. Mu Disembala 1998 Pulezidenti Bill Clinton wa Democratic adaimbidwa mlandu wonama atalumbira ndi wosokoneza chilungamo, pa nkhani ya chibwenzi chake ndi mtsikana wogwira ntchito ku White House. Mu Febuluwale 1999 palibe seneta wa Democratic ndi mmodzi yemwe amene adamupeza wolakwa. Ena mwa amene mu 1998 ankati khalidwe la mtsogoleri ndi nkhani ya dziko lonse, mu 2019 adati musamuvutitse munthu wosankhidwa ndi anthu. Ena amene mu 1998 ankadandaula kuti impichimenti ikugawa dziko, mu 2019 adaithamangira. Aphungu ena a Democratic adayamba kuyesa zochotsa a Trump mu 2017, za Ukraine zisanachitike n'komwe, ndipo zimenezi zidachititsa kuti mlandu weniweni utabwera anthu ambiri aziti ndi nyimbo yakale ija. Atsogoleri awo nawonso adafulumira, osadikira makhothi kuti akakamize mboni zokana. Mu 2023 a Republican adatsegula kafukufuku wawo pa Pulezidenti Biden, amene adatha osafika poimbidwa mlandu. Nafenso ku Malawi tikukumbuka 2005, pamene mawu akuti impichimenti adali pakamwa pa aliyense, a Bingu wa Mutharika atachoka m'chipani cha UDF n'kuyambitsa DPP. Ambiri adaima mbali iyi kapena iyo potengera mtundu wa nsalu imene adavala, asanafunse kuti milanduyo ikuti chiyani. Yeso lake ndi losavuta kulinena: tichotse dzina la munthuyo, tiikepo dzina la amene timadana naye, kapena la amene timamukonda, kenako tidzifunse ngati chigamulo chathu chikhalabe chomwecho. Chikasintha, tidziwe kuti takhala tikuweruza nkhope.

6. Wathu akalakwa, oyenera kumuuza ndife. Mawu a mdani mtsogoleri amawakankhira kumbali mosavuta. Mawu a mnzake wodya naye m'mbale imodzi ndiwo amamulasa. Mu 1974 mlandu wa Watergate udafika pachimake pamene khothi lalikulu lidalamula, oweruza asanu ndi atatu onse mogwirizana, kuti Pulezidenti Richard Nixon apereke matepi a zokambirana zake. Aphungu ena a chipani chake mu komiti yoona zamalamulo adavota kuti aimbidwe mlandu. Pa 7 Ogasiti akuluakulu atatu a Republican, a Barry Goldwater, a Hugh Scott ndi a John Rhodes, adapita ku White House kukamuuza maso ndi maso kuti omuikira kumbuyo atsala ochepa. Pa 9 Ogasiti Nixon adatula pansi udindo. Chipani chidapwetekeka, koma dziko lidapulumuka, ndipo patangopita zaka zisanu ndi chimodzi chipani chomwecho chidabwerera m'boma ndi a Ronald Reagan. Mu 2020 munthu wotere adapezeka mmodzi yekha. Seneta Mitt Romney wa ku Utah, amene adaimira Republican pa chisankho cha Pulezidenti mu 2012, adapeza a Trump olakwa pa mlandu woyamba, nakhala seneta woyamba m'mbiri ya dzikolo kuvota kuti Pulezidenti wa chipani chake achoke. Adati lumbiro lake adalichita pamaso pa Mulungu. Ankadziwa kuti voti yakeyo sisintha kanthu ndiponso kuti anzake amusala. Akulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo iye adauimika mutuwo. M'mabanja mwathu, m'mipingo ndi m'zipani zathu, kodi timamutcha chiyani munthu amene wanena kuti mkulu wathu apa walakwa? Nthawi zambiri timamutcha wogulidwa, pamene mwina ndiye yekha amene akutikonda kufika potiuza zoona.

7. Kulimba mtima kwa atsogoleri kumadyetsedwa ndi ovota. N'kosavuta kunyoza maseneta amantha, koma ankaopa yani? Ankaopa anthu a kwawo, amene akadawagwetsa pa chisankho cha chipulula. Tidaona zimenezi pamene a Trump adaimbidwanso mlandu pa 13 Januwale 2021, patapita sabata imodzi otsatira awo atathyola nyumba ya malamulo ya Capitol. Ulendo uno aphungu khumi a Republican adavomereza, ndipo ku Senate asanu ndi awiri adawapeza olakwa, mavoti n'kukhala 57 kwa 43, osafikabe pa 67. Mwa aphungu khumi aja, anayi sadaimenso, ndipo anayi adagwa pa chipulula mu 2022, kuphatikizapo mayi Liz Cheney ku Wyoming. Mu Novembala 2024 anthu a ku America adabwezeretsa a Trump pampando, ndipo chigamulo cha ovota n'choyenera kuchilemekeza ngakhale chitatiwawa. Tsono tikamafuna atsogoleri oima pa choonadi, kodi tidzawaimira pamene choonadicho chagunda munthu wathu? Kodi tidzapitanso kukawavotera, kapena tidzawasiya okha padzuwa? Chiyembekezo chilipo, pakuti si onse adatayidwa. A Dan Newhouse a m'chigawo cha Washington ndi a David Valadao a ku California, awiri otsala mwa khumi aja, anthu a kwawo adawabwezera ku nyumba ya aphungu. Ndipo mayi Lisa Murkowski, mmodzi mwa maseneta asanu ndi awiri aja, adaimanso ku Alaska mu Novembala 2022, akupikisana ndi munthu amene a Trump eniake adamudalitsa, ndipo adapambana.