Kodi Denga la Ziboliboli ndi Lofunika Pamene Anthu Ali ndi Njala?

Amayi anzathu, amene munayendapo pa mseu wochokera ku Balaka kupita ku Salima mukudziwa pa Mua. Kumeneko, mu 1976, Bambo Claude Boucher, wansembe wa Chikatolika wochokera ku Canada, anayambitsa malo a zaluso otchedwa Kungoni. Pamalopo pali nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, momwe muli zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400, ndiponso zofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, makolo a ambiri a ife kuno ku Machinga. Ena mwa ife zigobazo timaziopa, koma kuona si kuvina.

Nyumba yotere siidzisamala yokha. Ife amene tinagwirapo ntchito m'chipatala tikudziwa kuti chinyontho chikalowa m'chipinda, chuku sichichedwa. Mtengo wosemedwa nawonso umadwala. Chiswe chimauyambira pansi, tizirombo timauboola m'kati n'kusiya ufa wokhawokha, ndipo dzuwa lolowera pawindo limasulutsa utoto. Kufolera denga, kuika magalasi ndi kukweza mashelefu, zonsezi zimadya ndalama.

Apa m'pamene pali funso. Namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ndi minda mu 2023, mayi amene ana ake anagona ndi njala akanatha kufunsa kuti, bwanji mukufolera ziboliboli ine ndili pamtetete? Mayi ameneyu tisamuyankhe mothamanga. Munthu ndi woposa mtengo, ndipo ngati ndalama ili imodzi yokha, igule ufa.

Komabe si kawirikawiri kuti ndalama ikhale imodzi yokha. Ndiponso chimanga chikakokoloka timabzala china mvula ikagwa, pamene chigoba chosemedwa ndi gogo amene anatisiya kale, chiswe chikachidya ndiye basi chapita. Lata limodzi losinthidwa lero ndi lotsika mtengo kuposa denga lonse mawa. N'chimodzimodzi ndi bala, lotsukidwa msanga silifika kwa dokotala wa opaleshoni. Tisaiwalenso osema mipando m'mbali mwa mseu wa ku Liwonde. Ana awo amadya kuchokera ku luso lomweli, ndipo wosema amafunika kuona ntchito ya amene anamutsogolera.

Koma mayi uja akhala kuti akunena zoona ngati nyumba ikonzedwa bwino kenaka n'kumalowamo alendo akunja okhaokha. Kusunga kwa mtundu umenewo n'kubisa. Choncho pokonza nyumba ngati imeneyi, kulikonse kumene ili, ife tikadafunsa zinthu zing'onozing'ono. Kodi mawu ofotokoza alembedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, kapena m'Chingerezi mokha? Kodi mtengo wa pakhomo angaukwanitse mphunzitsi wobwera ndi ana makumi anayi kuchokera ku Ntaja kapena ku Ulongwe? Nanga shelefu, yokwezedwa kuthawa chiswe ija, kodi mwana wa Sitandade 3 angaone zili pamenepo popanda kunyamulidwa?