CIMENE MMISIRI SAGULITSA

Munthu ali yense wodya za manja ace amagulitsa. Woumba agulitsa mbiya, woluka agulitsa mphasa, ndipo palibe wowadzudzula, pakuti ayenera kudyera thukuta lao. Koma tsiku lina pamafika wogula amene sakhuta ndi mbiya yokha. Iye afuna kuti woumba aleke kuziocha bwino kuti zicuruke msanga, kapena kuti dzina lace lichulidwe pa mbiya zoumba wina. Pamenepo pabuka funso lakuti: kodi zonse za mmisiri ziri ndi mtengo wace, kapena ciripo cina cimene ayenera kukaniza, zingacuruke bwanji ndalama? Mbiri ya amisiri awiri a ku Amereka, ojambula zithunzi za m'nyuzipepala, ithandiza poyankha funsoli.

M'nyuzipepala za dziko limenelo mumakhala tsamba la nthano za zithunzi. Wojambula amandandalika tizithunzi titatu kapena tinai mu mzere umodzi, nalemba mau a anthu a m'nthanomo pamwamba pa mitu yao. Ndipo tsiku Lamulungu apatsidwa malo akuru ndi utoto wamitundumitundu. Iye sayenda yekha ndi malonda ace. Pali makampani amene amatenga zithunzizo, nazigulitsa kwa eni nyuzipepala ambirimbiri, nagawana naye phindu. Nthano ikachuka, amalonda ena amadza kudzapempha kuti nkhope za m'nthanomo ziikidwe pa malaya, pa makapu ndi pa zidole. Ndipo kawirikawiri cuma cocokera kumeneko cimaposa ca nyuzipepala.

Mmisiri woyamba ndiye Charles Schulz, wobadwa m'caka ca 1922. Nthano yace, dzina lace Peanuts, ndiko kuti nshawa, inayamba pa 2 Okotobala 1950 m'nyuzipepala 7 zokha, ndipo pambuyo pace inafika m'nyuzipepala zoposa 2,600. Inali nthano ya ana okha okha, wamkuru wosaonekamo. Munali Charlie Brown, mnyamata wa mutu wozungulira amene cinthu ciri conse cimamkanika, koma m'mawa mwace ayesanso. Munalinso garu wace Snoopy, wokonda kugona pa tsindwi la kanyumba kace ndi kulota ali maso. Anthu anaseka, koma posekapo anazindikira manyazi ao ndi kusungulumwa kwao.

Schulz sanakane amalonda ai. Snoopy anaumbidwa zidole, nasindikizidwa pa zobvala, ndipo ana a m'nthanomo anathandiza ngakhale kutsatsa magalimoto a Ford. Mwini wace analemera kwambiri. Koma panali zinthu ziwiri zimene sanalole. Coyamba, pamene ojambula ambiri ochuka analemba anyamata owagwirira nchito, iye anajambula yekha nthano zace zonse za m'nyuzipepala, zokwana 17,897, nalemba yekha mau ace omwe, ngakhale pa ukalamba pamene dzanja lace linayamba kunthunthumira ndi mizere yace inaoneka yogwedera. Caciwiri cinaoneka m'caka ca 1968, ataphedwa Martin Luther King. Mphunzitsi wina wamkazi wa ku Los Angeles anamlembera kalata yompempha kuti aikemo mwana wakuda, ndipo Schulz analowetsamo mnyamata dzina lace Franklin, amene pambuyo pace anaoneka ali m'sukulu imodzi ndi ana oyera. Kum'mwera kwa dzikolo, kumene tsankho linali lolimba, ena anaipidwa nazo. Schulz anauza mkuru wa kampani kuti azisindikiza monga momwe anazijambulira, apo ai aleka nchito. Iye anamwalira pa 12 Febuluwale 2000, ndipo nthano yace yotsiriza inaturuka m'mawa mwace. Sanapatsidwe wina kuti aipitirize.

Mmisiri waciwiri ndiye Bill Watterson, wobadwa m'caka ca 1958, amene anakula akuwerenga nthano za Schulz. Ciyambi cace cinali cowawa. Nyuzipepala ina ya ku Cincinnati inamlemba nchito, nimcotsa patapita miyezi yowerengeka, ndipo anakhala zaka zingapo akukonza zithunzi zotsatsira malonda, nchito imene mtima wace unaida. Pa 18 Novembala 1985 inayamba nthano yace ya Calvin ndi Hobbes. Calvin ndi mwana wa zaka 6, wopulupudza ndi wamafunso osatha, wochedwa dzina la John Calvin wa ku Geneva. Hobbes ndiye kambuku wa mizeremizere, wa mtundu uja wa ku India. Cokoma ca nthanoyi cagona apa: Calvin akakhala yekha, kambukuyo ali wamoyo, ayenda, alankhula, namtsutsa mwanzeru, koma akalowa munthu wina, cimene cioneka ndico cidole ca nsaru cokhala pansi. Wojambula sananene konse kuti coona ndi citi, koma anasiyira wowerenga.

Nthanoyi itachuka, kampani ya Universal Press Syndicate inafuna kulola amalonda kuti asoke zidole za Hobbes. Watterson anakana. Iye anati cidole cogulidwa m'sitolo cidzaweruza mlandu umene iye anausiya dala wosaweruza, ndi kuti mwana wa m'nthano akasanduka wotsatsa malonda, anthu sadzakhulupiriranso mau ace. Mphamvu ya lamulo inali ndi kampani, cifukwa pa unyamata wace iye anali atasaina cipangano coipatsa ufuru wonse pa nthanoyo. Mkangano unatha zaka zingapo, iye ali wokonzeka kutaya nchito imene anaifunafuna moyo wace wonse. Potsiriza kampani inagonja, nimbwezera ulamuliro pa nchito yace. Ndipo nayonso iyenera kuyamikidwa, pakuti ikadatha kumkakamiza. Cuma cimene anacikana cinali ca mamiliyoni ambiri a madola. Anapambananso pa cina, cakuti kuyambira 1992 nthano yace ya Lamulungu ipatsidwe theka la tsamba, eni nyuzipepala osaiduladula. Tsono pa 31 Disembala 1995, ali ndi zaka 37, nthano yace iri m'nyuzipepala zoposa 2,400, anaileka, nati wacita zimene akadatha kucita m'timalo tating'ono ndi m'changu ca tsiku ndi tsiku.

Kodi wolungama ndani mwa awiriwa? Nkwapafupi kutama wokana cuma ndi kupeputsa wolandira. Koma asanaweruze wowerenga, amve zimene zinenedwa potsutsa Watterson, pakuti siziri zacabe. Ena ati kukana kwace kunali kwa munthu wokhuta, popeza mabuku a nthano zace anagulidwa ndi anthu ambirimbiri, ndipo njala sinagone m'nyumba mwace. Mmisiri wosauka wa ana asanu sangathe kutero. Ena ati cuma cimene anacikana sicinali cace yekha, pakuti kampani imene inamkhulupirira pamene ena anamkana inali ndi gawo lace, ndipo iye anali atalonjeza ndi dzanja lace. Enanso ati akadalandira ndalamazo ndi kuthandiza nazo osowa. Ndiponso kukana kwace sikunatseke njira ya akuba: anthu osaopa lamulo anasindikiza nkhope ya Calvin pa malaya ndi pa magalasi a magalimoto, nthawi zina alikucita zonyansa zimene mwini wace sanajambule konse.

Mau amenewa ali ndi mbali ya coonadi, makamaka a cipangano. Kusaina osalingalira kunali kulakwa kwace, ndipo cikumbu mtima sicimasula munthu ku lonjezo lace mwaulere. Koma iye sanazembe lonjezolo mwacinyengo. Ananena poyera, nalola kuti ngati pali wotaya, wotayayo akhale iye. Za kuthandiza osowa, yankho lace ndi lakuti munthu sayenera kuipitsa cinthu cabwino cimene wapatsidwa kuti acisunge, poganiza kuti adzacita zabwino zina ndi mtengo wace. Amene ayamba njira imeneyo sasowa cifukwa catsopano caka ndi caka, kufikira atagulitsa zonse; paja ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Za akuba, zoipa zimene acita ena ndi dzina la munthu ziri pa mutu pao. Zimene abvomereza mwini wace ziri pa mutu pace. Ndipo za wosauka, nzoona kuti kukana kumamuwawa koposa wolemera. Cifukwa cace iye wokhuta, amene angathe kukana popanda kugona ndi njala, ali ndi mangawa akuru a kutero, kuti amalonda adziwe kuti si amisiri onse agulika.

Komabe Schulz sangayesedwe wogulika. Watterson mwini wace, amene anadzudzula poyera malonda a zidole pa msonkhano wa ojambula ku Ohio m'caka ca 1989, analemba mau omlemekeza Schulz pamene anapuma nchito zaka 10 pambuyo pace. Anthu awiriwa anasiyana pa malo oika malire, koma anafanana pa ici, cakuti yense anali nao malire, ndipo anawaika pamene panali moyo wa nchito yace. Moyo wa nthano ya Schulz unali m'dzanja lace ndi m'kunena zoona za mtima wa munthu. Cidole ca Snoopy sicinacotseko kanthu, koma dzanja la mlendo kapena kumvera atsankho kukadaipha. Moyo wa nthano ya Watterson unali m'cinsinsi ca kambuku uja, ndipo cidole cikadaulasa pamtima peni peni. Yense, atafika pa malire ace, anali wokonzeka kutaya nchito.

Motero kukhulupirika kwa mmisiri sikuyesedwa ndi kucepa kwa ndalama zace, ndipo umphawi pa wokha suli ulemu. Kuyesedwa ndi ici: kodi adziwa cimene anthu amamkhulupirira naco, ndipo kodi adzacisunga tsiku limene kucisunga kudzamdyera? Wopala matabwa angathe kukweza mtengo wa citseko cace osacimwa, koma akabisa thabwa lofumbwa pansi pa utoto wagulitsa cimene sicinayenera kugulitsidwa. Wosoka angathe kusokera ali yense, koma akabweza nsaru yoperewera wagulitsa dzina lace pamodzi ndi malaya. Malire otere saikidwa wogula ali pakhomo, ndalama ziri m'manja, pakuti pamenepo mtima umapeza zifukwa msanga. Watterson anasaina asanaganize, ndipo zinamtengera zaka kuti aombole cimene anapereka tsiku limodzi. Mmisiri wanzeru akhala pansi nthawi ikalipo, nasankha cimene sadzagulitsa, wogula asanafike.