Migolo 1,000 Kapena 60,000?

Sabata yathayi ndinali ndi ana amene akukonzekera kulapa koyamba. Mnyamata wina wochangamuka anakweza dzanja. "Aphunzitsi, kodi ndikangonena kuti ndinalakwa, osatchula kuti kangati, sizikwanira? Si Mulungu akudziwa kale?" Ndinamuyankha monga mwa katekisimu, iye n'kugwedeza mutu, koma maso ake ankaonetsa kuti sanakhutire. Ndili m'minibasi pobwerera kunyumba, ndinakumbukira nkhani ina imene tinaphunzira ku koleji. Ndikanakonda ndikanamusimbira imeneyo.

Usiku wa pa 20 Epulo 2010, m'nyanja ya Gulf of Mexico, kufupi ndi gombe la Louisiana ku America, chombo chokumbira mafuta chotchedwa Deepwater Horizon chinaphulika. Gasi anakwera mwamphamvu kuchokera m'chitsime, makina amene anayenera kutseka chitsimecho pa nthawi ya ngozi analephera, ndipo moto unabuka. Mwa anthu 126 amene anali m'chombomo, 11 anamwalira, ndipo matupi awo sanapezeke. Patapita masiku awiri chombo chinamira, paipi yolumikiza chombocho ndi chitsime inathyoka, mafuta n'kuyamba kutuluka pansi pa nyanja.

Pamene pankatuluka mafutawo panali pakuya mamita pafupifupi 1,500. Nyanja yathu ya Malawi, pozama penipeni, ndi mamita 700 okha. Pakuya choncho ndi mdima wokhawokha, madzi ndi ozizira kwambiri, ndipo kulemera kwake kungamuphwanye munthu. Ntchito yonse ankagwira ndi maloboti oyendetsedwa ndi anthu okhala m'sitima pamwamba, akuyang'ana pa kanema.

Poyamba dziko linauzidwa kuti pakutayika migolo 1,000 patsiku (mgolo umodzi ndi malita 159). Patangopita masiku ochepa anati ayi, ndi 5,000, ndipo nambala imeneyi inakhala ikunenedwa kwa milungu ingapo. Akatswiri atadzayeza bwinobwino, anapeza kuti inali migolo pafupifupi 60,000 tsiku lililonse.

Wina anganene kuti nambala ilibe kanthu, chachikulu n'kutseka. Koma taonani zimene zinachitika. Kumayambiriro kwa Meyi anatsitsa chibokosi chachitsulo, chotalika ngati nyumba yosanja kanayi, kuti avundikire potulukapo ndi kukokera mafuta m'sitima. Gasi atakumana ndi madzi ozizira anaundana ngati ayezi, n'kutseka chibokosicho kukamwa. Chakumapeto kwa mwezi womwewo anayesa kupopera matope olemera m'chitsime kuchokera pamwamba, kuti akankhire mafuta pansi. Anafika poponyamo zidutswa za matayala ndi timipira ta gofu kuti titseke mipata. Atalimbana nazo masiku atatu anagwa ulesi. Bungwe lofufuza limene Pulezidenti Barack Obama anakhazikitsa linadzanena kuti kusadziwa kuchuluka kwenikweni kwa mafuta kunasokoneza kakonzedwe ka njira zimenezi, makamaka ya matopeyo. Njirayo mwina ikanatheka mafuta akanakhala ochepa monga ankanenera. Mu 2012 kampani ya BP inavomera milandu ingapo, umodzi mwa iyo unali wosokeretsa Nyumba ya Malamulo ya ku America pa nkhani ya nambala yomweyi.

Apa ndi pamene funso la mwana uja likundigwira ineyo. Zaka zitatu zapitazo ndinayambana ndi mchimwene wanga pa ndalama zina za pa maliro a malume athu. Ndikapita kokalapa ndinkati, "Ndinapsa mtima pang'ono ndi m'bale wanga." Si bodza lenileni ayi. Koma "pang'ono" ameneyo anali miyezi isanu ndi itatu yosayankha foni yake, kumudyera miseche kwa alongo athu, ndi kusangalala mumtima nditamva kuti geni yake yalowa pansi. Wansembe ankandipatsa malangizo oyenera munthu wopsa mtima pang'ono, ine n'kutuluka, chidani chili chituluke pansi pamtima. Sindikanadandaula kuti mankhwala sakugwira ntchito, poti matenda ndinawachepetsa ndekha.

Mulungu amadziwadi kale, mwana uja sananame. Mpingo ukatiphunzitsa kuti machimo aakulu tiziwatchula mtundu wake ndi kuti tawachita kangati, sikuti kumwamba kukusowa kaundula. Amene amasowa nambala yoona ndi ife. Kumwa "pang'ono" kumene kukumaliza malipiro tsiku la 10 lisanafike, kubetcha "kwa apo ndi apo" kumene kwadya fizi ya mwana, "mnzanga chabe" wa ku ofesi amene mauthenga ake timafufuta tisanalowe pageti: zonsezi timaziyika pa migolo 1,000, kenaka tizidabwa kuti Korona taichita, novena tamaliza, koma m'nyumba mukununkhabe mafuta. Kawerengeninso nkhani ya Zakeyo pa Luka 19:1-10. Munthu uja sanangoti wamva chisoni. Anatchula manambala, theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa amene anawabera, ndipo atatero Yesu analengeza chipulumutso pa nyumba yake.

Ndisakuopsezeni, makamaka inu amene mitima yanu imakutsutsani ngakhale pa zazing'ono. Amene waiwaladi kuti kangati, anene moyerekeza, basi. Chimene tikukana pano ndi kuchepetsa dala.

Mafuta analeka kutuluka pa 15 Julaye, patatha masiku 87, atakhazika chotsekera chatsopano pamwamba pa chitsime n'kuchitseka pang'onopang'ono uku akuyeza mphamvu ya mafutawo usana ndi usiku. Mu Ogasiti anapoperamo matope ndi simenti. Komabe sanalengeze kuti ntchito yatha. Kuyambira pa 2 Meyi, gulu lina linali likukumba chitsime china cha pambali, mwakachetechete, kuti likakumane ndi chowonongekacho kunsi kwenikweni, mamita oposa 5,000 kuchokera pamwamba pa madzi. Anafika pakati pa Seputembala, n'kuthiramo simenti, ndipo pa 19 Seputembala ndi pamene boma linanena kuti chitsimecho chafa. Ine ndi mchimwene wanga tinayamba kulankhulana nditalapa moona, koma kuti tidyere mbale imodzi popanda kukayikirana panapita chaka chathunthu.

Mafuta amene anatayika kale sanabwerere m'chitsime. Anafika m'madambo a m'mbali mwa nyanja ku Louisiana, anapha mbalame, akamba a m'nyanja ndi nsomba, ndipo asodzi ambiri anakhala miyezi osaponya ukonde chifukwa boma linatseka malo owedzera. Pa Misa ya lero, pofika pa mapemphero a anthu onse, tiwakumbukire anthu 11 aja ndi mabanja awo, komanso ana athu amene adzalape koyamba Loweruka likubwerali. Makolo, chonde afike nthawi yabwino.