Kodi Thupi Loyenera Ndi Limodzi kwa Anthu Onse?

Ku Nsipe m'boma la Ntcheu, monga m'madera ambiri a Malawi, kunenepa kumatengedwa ngati umboni wakuti munthu akudya bwino ndipo mtima wake uli m'malo, pamene kuwonda kumadzetsa manong'onong'o, makamaka chiyambire mliri wa Edzi. Komabe achipatala amachenjeza kuti kunenepa kwambiri kumabweretsa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kotero pakubuka funso lakuti kodi pali muyeso umodzi wa thupi umene aliyense ayenera kuufikira.

Sing'anga wa ku Korea, Lee Je-ma, anakana zimenezi m'buku lake la mu 1894, limene linakhazikitsa chiphunzitso cha Sasang, chogawa anthu m'magulu anayi molingana ndi chibadwa cha ziwalo zawo. A gulu la Taeeum, amene amati ali ndi chiwindi champhamvu koma mapapo ofooka, ndiwo amanenepa msanga, choncho amalangizidwa kudya mosapyola muyeso ndi kugwira ntchito yotulutsa thukuta, pamene a gulu la Soeum, ofooka m'mimba, angadzivulaze atadzimana chakudya mofananamo. Sayansi yamakono sinatsimikizire magulu amenewa, koma chogwira mtima n'chakuti Lee, potsata nzeru za Confucius, anaona kuti mkwiyo, chisoni ndi chimwemwe chosadziletsa zimawononga ziwalo, moti kuchepetsa thupi kumayambira pa khalidwe. Akatolika a parishi ya Nsipe amene amasala kudya m'nyengo ya Lenti sangadabwe ndi ganizoli, ngakhale kuti iwo amasala polapa machimo, osati pofuna kuwonda.