Injiniya Gologolo

Padangokhala Gologolo wa ku Chitedze, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Gologolo ameneyu ankaudziwa mtedza. Agologolo onse amaudziwa mtedza, inde, koma enawo amaudziwira kukamwa. Uyu anali ndi digiri ya ku Bunda, ndipo ankagwira ntchito m'minda ya kafukufuku, pa siteshoni ija inatsegulidwa mu 1948. Akangoona tsamba, ankatchula dzina: uyu ndi CG7, uyu Nsinjiro, uyo Chalimbana wa makolo. Akanunkhiza thumba, ankanena ngati muli chuku kapena mulibe.

Pambali pake pankagwira Nungu, mtsikana wofatsa, nayenso wa ku Bunda konko. Ntchito ya m'munda anamuphunzitsa ndi Gologolo yemweyo.

Zonse zinali bwino, kupatula malipiro. Ankatha pa 10, mwezi n'kumapitirira wokha.

Mu November 2023 kunamveka kuti ndege yanyamula achinyamata 221 kupita ku minda ya ku Israel. Pa Facebook, anzake a ku Joni ankangojambulitsa atatsamira magalimoto. Gologolo tulo tinamuthawa.

"Nungu, ine ndikupita."

"Kuti, achimwene?"

"Kulikonse kumene ndalama ili ndi dzina lina."

Nungu anatulutsa kope lake, poti naye anali atayamba kale kufufuza. Anati ku Mangalande munthu salowa ndi digiri yokha, pamafunika kampani yakomweko, yololedwa ndi boma, ikuitane ndi chikalata chake. Anati ku Israel viza imakumangirira pa ntchito imene unapitira, ukachoka pamunda waphwanya lamulo. Koma ku Joni kuli viza ya anthu a luso losowa, yofika zaka zisanu, ndipo akatswiri a sayansi ya zaulimi ali pa mndandanda wake.

"Basi, imeneyo ndi yanga," anatero Gologolo. "Amagulitsa kuti?"

"Sagulitsa. Muyambe mwatumiza digiri ku SAQA akaiyeze."

"Kenako?"

"Mulembetse ku SACNASP, bungwe la akatswiri a sayansi."

"Kenako?"

"Mudinde zala ku Area 30, apolisi alembe kuti mulibe mlandu. Adokotala akupimeni. Mupeze wokulembani ntchito, akutumizireni kalata. Mukatero mukatule zonsezo ku ofesi ya kazembe wa South Africa m'tauni muno."

"Kenako?"

"Mudikire."

Gologolo anaseka mpaka mchira kugwedera. "Iwe mwana, pofika nthawi imeneyo mano adzakhala atatha m'kamwa."

Pa geti panali a Kamba, alonda okalamba, amene anakumbako golide m'nthawi ya Wenela, ndege isanagwe ku Francistown mu 1974 ndi Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Anamva zonse. Anasolola khosi pang'ono n'kunena kuti, "Ife tinkapita ntchito itatiitana." Gologolo anawapatsa moni waulemu n'kudutsa.

Pa msika wa Msundwe, pansi pa mtengo wa mango, pankakhala a Fisi. Anali dobadoba wotchuka. Jekete yakuda, nsapato zosongoka, mafoni atatu, chikwama chonenepa. Ofesi yawo inkasuntha potsata mthunzi.

"Bwana Gologolo, takulandirani. Mukufuna dziko liti?"

"Joni, akulu."

"Joni ndi kuseri kwa nyumba. Mukufuna mukakhale ndani kumeneko?"

Gologolo anadabwa. "Kodi munthu amasankha?"

"Kwa ine amasankha." A Fisi anatsegula chikwama. Munali masitika a pemiti, onyezimira, okhala ndi chizindikiro cha boma ndi timizere takuda. "Wa zaulimi, matumba asanu a mtedza. Mphunzitsi, asanu ndi awiri. Injiniya, khumi ndi awiri. Dokotala ndinali naye, watha dzulo."

"Ine ndine wa zaulimi."

"Ndiye mukachoke kuno ndi fumbi, mukafikirenso m'fumbi? Injiniya amadya kangati kuposa wa zaulimi, mukudziwa?"

Gologolo anayang'ana sitika ya matumba asanu. Anayang'ana ya khumi ndi awiri. Anayesa kutchula chamumtima: Injiniya Gologolo. Linakoma. Anatchulanso mokweza. Linakoma kuposa poyamba.

"Koma za milatho sindizidziwa."

"Pepala ndi pepala, bwana. Amene amawerenga pepala safunsa mlatho."

Matumba khumi ndi awiri Gologolo analibe. Anali nawo ndi mayi ake, kumudzi cha ku Mpingu, mbewu yosankha ndi manja, yodikira mvula. Gologolo anapita ndi ngolo.

"Mwanawe, nanga tidzala chiyani?"

"Amayi, chaka chamawa simudzadzala. Mudzangokhala pakhonde n'kumalandira marandi pa foni."

Mayi aja sanayankhe. Anangowerenga matumba akutuluka, mpaka la khumi ndi chiwiri.

A Fisi anapereka sitika mu envelopu, n'kuwonjezera kambulu ka ulimbo, kaulere. "Pa boda musaionetse. Mukangopempha masiku 30 aja amapatsa Mmalawi aliyense wokacheza. Mukawoloka, mukamate nokha."

Gologolo anakwera basi. Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge. Anamufunsa chimene wadzera, iye anati kudzaona azakhali. Anamudindira masiku 30. Atafika pa Musina analowa m'chimbudzi cha pamalo omwetsera mafuta, n'kutsegula pasipoti, n'kupaka ulimbo, n'kumata, n'kukanikiza ndi chala. Analowa ali wa zaulimi, anatuluka ali injiniya.

Ku Johannesburg anagogoda pa kampani yoyamba yomanga misewu. Anamufunsa nambala yake ya ku ECSA, kumene mainjiniya amalembetsa. Iye anati waiiwala kunyumba. Pa kampani yachiwiri anamupatsa pulani ya mlatho, iye anaigwira chadodolido. Pa yachitatu mlonda anamuuza kuti akufuna wokankha wilibala. Injiniya sakankha wilibala, anatero Gologolo. Patatha sabata ziwiri anabwerera kukafunsa ngati wilibala ija ikadalipo. Inali itapeza mwini.

Masiku 30 anatha. Miyezi inatsatira. Pa Facebook chithunzi chinakwera, Gologolo atatsamira galimoto ya eni ake, pansi atalemba kuti Injiniya ali pa ntchito. Nungu anayankha ndi chala chimodzi, n'kuwonjezera kuti pepala lake la ku SAQA lafika. Gologolo anaseka. Pepala limodzi, miyezi yonseyi!

Njala itafika pakhosi, anamva kuti ku Hartswater, m'minda yothirira ya Vaalharts, akufuna aganyu onyamula matumba. Anapita. Atafika anaima n'kupukusa mutu. Unali mtedza.

Mwini munda anali Njati, wamkulu thupi, wochepa mawu. Gologolo ankasenza, ankatula, osayankhula ndi aliyense. Koma mphuno ilibe manyazi. Tsiku lina akudutsa pa mulu wa matumba opita ku Ulaya, anaima. Ananunkhiza. Anatswa kamtedza kamodzi n'kukayang'ana.

"Bwana, awa musatumize. Muli chuku."

"Iwe ndani?"

"Wonyamula matumba. Koma awa analowa m'nkhokwe asanaume, ndipo khoma ili limachita thukuta. Ku Ulaya akapeza poizoni wa chuku woposa mamaikirogalamu 4 pa kilogalamu, katundu yense amabweza."

Njati anatumiza mtedza uja kukayezetsa. Zotsatira zinabwera monga ananenera Gologolo. Mawa lake Njati anamutengera kumunda. Gologolo analoza pamene mbewu yatalikirana, n'kufotokoza kuti nsabwe zofalitsa matenda zimakonda munda wa mipata. Analoza pamene madzi anasowa mtedza ukukhwima, n'kunena kuti chuku chinayambira pamenepo, m'nthaka momwemo. Anayankhula tsiku lonse, mchira uli m'mwamba, ngati ali kwawo ku Chitedze.

"Zaka zitatu ndakhala ndikufuna munthu ngati iwe," anatero Njati. "Digiri uli nayo?"

"Ya ku Bunda, bwana."

"Nyumba ndikupatsa. Galimoto ndikupatsa, yoti ukwere, osati kutsamira. Kalata ya ntchito ndilemba lero. Bweretsa pasipoti, loya wanga akonze viza yeniyeni."

Inu mukumvetseranu, ndikuona mwayamba kumwetulira. Mukuti mwana wa ku Mpingu watola chikwama, matumba a mayi ake abwerera ndi ana. Dikirani kaye a Kadzidzi avale magalasi.

A Kadzidzi, loya uja, anatsegula pasipoti. Tsamba loyamba, bwinobwino. Lachiwiri, chidindo cha masiku 30, chakalekale. Lachitatu anakhalapo nthawi. Ananunkhiza.

"Uwu ndi ulimbo?"

Gologolo anayang'ana pansi.

"Tiyambe ndi zazing'ono," anatero a Kadzidzi. "Chiyambire 2014, wolowa ngati mlendo sasintha n'kukhala wantchito ali m'dziko muno. Amabwerera kwawo n'kukapempha kumeneko. Chachiwiri, wopitirira masiku ake ndi masiku oposa 30 amamuletsa kulowanso zaka zisanu. Zimenezo tikanadandaula, mwina akanamva. Koma wopezeka ndi pemiti yabodza, lamulo limamuika m'gulu la oletsedwa, ndipo kumeneko sawerenga zaka. Amamasula ndi mkulu wa Home Affairs yekha, akafuna."

"Koma digiri yanga ndi yeniyeni!"

"Ndaiona. Ndi yabwino kwambiri. Ntchito yanu ili pa mndandanda. Mukanabwera nayo yokha."

Usiku umenewo Gologolo anayesa kumatula sitika ija. Ulimbo wa a Fisi unali katundu yekhayo weniweni m'chikwama chawo. Sitika inachoka ndi theka la tsamba, theka lina n'kutsala likuwerengeka kuti injiniya.

M'mawa Njati anamuitana. Anapumira m'mwamba, n'kufunsa, "Kwanu ku Chitedzeko, kulibe wina wodziwa ngati iwe?"

Gologolo anameza malovu. Anafuna kunena kuti kulibe. Koma Njati anali atamudyetsa, ndipo pakamwa panatseguka pokha. "Aliko mtsikana wina. Ndinamuphunzitsa ndine."

Za ulendo wobwerera sizichuluka. Apolisi anaimitsa basi asanafike n'komwe ku Johannesburg. Anagona ku Lindela, ku Krugersdorp, mpaka basi ya obwezedwa inamutula pa chipata cha Mwanza ali ndi jumbo imodzi.

Anafika ku Chitedze Nungu akumanga katundu. Pepala la ku SAQA linali m'faelo, la ku SACNASP linali m'faelo, la apolisi anali atakatenganso kachiwiri poti loyamba linapitirira miyezi isanu ndi umodzi. Chimene chinkasowa ndi kalata ya ntchito, ndipo inali itabwera kuchokera ku Hartswater.

"Achimwene, zikomo kwambiri. Akuti munanditchula ndinu."

"Khoma la kumadzulo kwa nkhokwe limachita thukuta," anatero Gologolo. "Ukalisamale." Ananyamula sutikesi ya Nungu pamutu mpaka pa siteji. A Kamba pa geti anasolola khosi, anayang'ana, n'kulibweza.

Malo ake pa siteshoni anali atalowapo wina. Anapita ku Mpingu. Mayi ake anali atapempha mbewu kwa achibale, atalima okha, atakolola matumba asanu ndi anayi. Anamupatsa madzi osamba ndi nsima, osafunsa za marandi.

Tsiku lachitatu kunja kunamveka odi. Jekete yakuda, nsapato zosongoka, mafoni anayi tsopano.

"Injiniya! Ndamva za tsoka lanu. Anthu a ku Joni ndi ansanje. Komatu oletsedwayo ndi Gologolo. Nanga titakupezerani pasipoti ina, dzina lina?"

"Digiri yanga ili m'dzina la Gologolo, akulu."

"Madigiri timakonzanso. Pepala ndi pepala."

Gologolo anakhala chete. Anakanda kumutu. Anasuzumira kukhomo, n'kutsitsa mawu.

"Ndi matumba angati?"

M'nyumba muja mayi ake anasiya mphika pamoto, anatenga munsi wa mtondo, n'kukakhala pamwamba pa matumba.